Chikho chilipo, nanga wogula ali kuti?

Nyengo ya zionetsero za zaulimi imafika chimanga chitalowa kale m'nkhokwe. Kuyambira mwezi wa Julayi mpaka Seputembala, mabwalo a sukulu ndi a mpira m'maboma ambiri amasanduka misika ya tsiku limodzi: zisakasa za udzu mbali iyi, makola a mitengo mbali inayo, zimkuzamawu zikulira, gule akuvinidwa, ana akukankhana kuti aone tonde wamkulu ngati mwana wa ng'ombe.

Dzuwa likapendeka maina amaitanidwa. Wina amalandira wilibala, wina khasu ndi kheni yothirira, gulu lina chikho ndi satifiketi. Nthungululu zimamveka, mlendo wolemekezeka amakwera galimoto, ndipo mlimi amamangirira katundu wake panjinga kubwerera naye kumudzi.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Wopambana uja wabwerera ndi mtedza wake womwe uja, ndipo mawa lake akaugulitsa kwa venda wa sikelo yokayikitsa pamtengo womwewo umene akugulitsira mnzake amene sadapite n'komwe kuchionetsero. Wogonja naye wabwerera osadziwa chimene chamugonjetsa. Pomwepo banja lataya ndalama ya thiransipoti, tsiku lonse la ntchito, mwinanso laika ziweto zake pachiswe. Makomiti okonza zionetserozi ali ndi funso loti ayankhe: kodi mpikisanowu ukusintha chiyani m'munda, m'khola ndi m'thumba mwa mlimi?

Zidayamba kale

Zionetsero si zachilendo m'dziko muno. Zidalipo nthawi ya atsamunda, ndipo m'zaka za m'ma 1950 boma la nthawiyo lidali ndi ndondomeko yosankha alimi ochepa ochita bwino n'kumawapatsa kangachepe kuti anzawo atengerepo phunziro. Dziko litalandira ufulu mu 1964, maganizo omwewo adabweranso m'dzina la Achikumbe, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda ankatamandidwa kuti Mchikumbe Nambala Wani.

Mlimi sankakhala mchikumbe kaamba ka dengu limodzi la chimanga chosankha. Alangizi ankafika kumunda kukaona mizere, akalozera, kasinthasintha wa mbewu ndi khola, ndipo Kamuzu mwiniwake ankayendera mbewu zili chilili m'minda chaka ndi chaka. Ndondomekoyi idali ndi zofooka zake, chifukwa inkakomera a minda ikuluikulu n'kusiya osauka ambiri m'mbuyo. Komabe pamfundo imodzi idalondola: inkaweruza ulimi kumunda komweko.

Masiku ano chionetsero chachikulu ndi chimene chimachitikira pabwalo la zamalonda la Chichiri mumzinda wa Blantyre, chomwe bungwe la amalonda ndi mafakitale la MCCCI lakhala likukonza mogwirizana ndi unduna wa zamalimidwe kuyambira mu 2004. Kumeneko kumakumana makampani a mbewu ndi feteleza, mabanki, akatswiri a kafukufuku ndi magulu a alimi amene apeza owalipirira ulendo ndi malo oonetsera. Koma mlimi wa ku Mitundu, ku Lizulu, ku Jenda kapena ku Ngabu amadziwa kwambiri zionetsero za paboma ndi za m'madera a zaulimi otchedwa ma EPA. Kumeneko ndi komwe mpikisano wa zokolola ndi ziweto umakhala wa anthu odziwana maina, ndipo ndi komwenso zinthu zimafunika kukonzedwa msanga.

Chikomekome cha mkuyu

Mpikisano wa zokolola ndi wosavuta kuubera, ngakhale popanda woganiza zakuba. Mlimi aliyense, ngakhale amene munda wake udakanika, akhoza kupeza zitsononkho khumi zikuluzikulu kuchokera pachulu kapena pomwe padali khola. Akazisanja bwino pansalu yoyera, majaji amagwedeza mutu. Mnzake amene adakolola matumba ambiri paekala, chimanga chofanana koma chosadabwitsa maso, amabwerera chimanjamanja. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali mphekesera zosatha m'midzi za dzungu lobwereka kwa mlamu ndi kabichi wogula pamsika m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo malamulo a mipikisano yambiri alibe njira yotsekera khomo limeneli.

Chimene wogula weniweni amafuna ndi china. Kampani yogula chimanga kapena soya imayamba ndi kuuma: chimanga chosungika bwino chimayenera kukhala ndi chinyontho chosapitirira 13 peresenti. Kenaka imaona zinyalala, miyala, njere zosweka ndi zoboola anankafumbwe. Imafunanso kudziwa ngati thumba la nambala 40 lili chimodzimodzi ndi thumba loyamba. Palibe ndi chimodzi chomwe mwa izi chimene chimaoneka pa zitsononkho khumi zosankha.

Mtedza ndiwo umapereka phunziro lowawa. Malawi adali ndi mbiri yotumiza mtedza wa Chalimbana kumaiko a ku Ulaya, koma msikawo udafota, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chidali chuku. Poizoni amene chuku chimasiya mumtedza saoneka ndi maso, sachoka pokazinga, ndipo amaononga chiwindi. Maiko a ku Ulaya salola mtedza wodya anthu kupitirira magawo 4 a poizoniyu pa biliyoni. Chuku chimakula mtedza ukaumitsidwa pansi ponyowa, kapena ukawazidwa madzi kuti usendeke msanga ndi kulemera pasikelo, zomwe ena amachitabe. Kotero mbale ya mtedza wa CG7 wofiira bwino ikhoza kutenga chikho pomwe kufakitale ukadabwezedwa pageti. Jaji amene sadafunse momwe mtedzawo udaumitsidwira wangoweruza mtundu.

Njira yokonzera izi si yodula. Wopikisana abwere ndi thumba lathunthu la makilogalamu 50, ndipo jaji asolole yekha pansi, pakati ndi pamwamba. Kamakina koyezera chinyontho kabwerekedwe kwa ogula mbewu kapena kukopaletivi, ndipo nambala iwerengedwe mokweza anthu akumva. Koposa zonse, theka la malikisi lichokere kumunda. Alangizi ndi alimi otsogola amayendera kale minda mu Febuluwale ndi Malichi. Palibe choletsa kuti ulendo womwewo ukhale gawo loyamba la mpikisano. Mlimi amene adatsata kabzalidwe ka Sasakawa, mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mbewu imodzi paphando pa masentimita 25 alionse, amakhala ndi mapesi oposa 53,000 pahekitala. Zimenezi zimawerengeka kumunda. Pachisakasa sizioneka.

Vuto lilipo ndi lakuti alangizi ndi ochepa, ndipo m'madera ambiri mmodzi amayang'anira mabanja oposa 1,000. Koma si mudzi wonse umene umapikisana. Kalabu iliyonse itasankha munda umodzi, ntchitoyo ingatheke ndi njinga yakapalasa.

Kukhola ndiko kuli zambiri

Gawo la ziweto ndi limene limakoka anthu, komanso ndi limene lili ndi zovuta zazikulu. Loyamba ndi la mtunda. Nkhuku imakwera kabaza, mbuzi imamangidwa pakaliyala, koma ng'ombe imafuna lole kapena kuyenda wapansi kuyambira mbandakucha. Mapeto ake opikisana pa ng'ombe amakhala okhawo oyandikira bwalo ndi amene ali ndi ndalama. Mlimi wa khola labwino amene ali kutsidya kwa mtsinje samveka n'komwe.

Lachiwiri ndi kusakaniza mitundu. Tonde wa mtundu wa Boer akaimikidwa pambali pa mbuzi yachikuda, maso a anthu onse amapita kwa Boer, ndipo kawirikawiri chikho chimatsatira maso. Chimodzimodzi nkhuku ya Mikolongwe pambali pa yachikuda, kapena ng'ombe yamkaka yachizungu pambali pa ng'ombe ya linunda ya makolo. Uku n'kupikisanitsa mpunga wa Kilombero ndi mapira. Mbuzi yachikuda imapirira chilala, imadya zomwe yapeza, ndipo ndi imene imalipira fizi ndi kugula chimanga mu Januwale m'mabanja ambiri. Mpikisano ukamaigonjetsa chaka ndi chaka, uthenga umene umapita kumudzi ndi wakuti chiweto cha makolo n'chachabe, pomwe amene akuchinyozacho alibe chakudya, mankhwala ngakhale khola loyenera mtundu wachilendowo. Magulu akuyenera kulekanitsidwa: zachikuda pazokha, zosakaniza pazokha, zazimuna, zazikazi ndi zazing'ono pazokha.

Ndipo ngakhale m'gulu limodzi, kunenepa si ndiye ubwino. Mbuzi yaikazi yonenepa kwambiri nthawi zina imakhala imene sidaberekepo. Woweta wanzeru amafuna thadzi lobereka pafupipafupi, loswa mapasa, la bere labwino ndi miyendo yowongoka, lolera ana ake mpaka kukula. Msinkhu wa chiweto umawerengedwa m'kamwa: mbuzi imatulutsa mano aakulu awiri oyamba a kutsogolo ikapitirira pang'ono chaka chimodzi, ndipo onse 8 amakwana ikamafika zaka zinayi. Pa ng'ombe, awiri oyambawo amabwera cha pa zaka ziwiri. Jaji akatsegula kukamwa kwa chiweto pamaso pa anthu n'kufotokoza zimenezi, bambo amene akagule mbuzi pamsika sabata yamawa sangapusitsidwenso ndi nkhalamba yodyetsedwa gaga masiku atatu.

Pa ng'ombe zamkaka umboni ulipo kale. Alimi a ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje amene amagulitsa mkaka kudzera m'magulu awo amalembetsa malita tsiku ndi tsiku. Buku limenelo limanena zoona kuposa khungu losalala losambitsidwa ndi sopo m'mawa. Ng'ombe yolowa mumpikisano ibwere ndi buku lake.

Mfundo yaikulu pa zonsezi ndi yakuti jaji alankhule. M'zionetsero zambiri majaji amayenda ndi mapepala awo mwakachetechete, n'kukapereka maina kwa wolengeza. Anthu amamva kuti wakuti wapambana, koma chifukwa chake sachimva, ndipo pomwe palibe chifukwa pamamera miseche: ati ndi m'bale wake wa mlangizi, ati ndi wachipani. Mphindi zisanu za jaji ataima pakati pa mbuzi yoyamba ndi yachiwiri, akuloza msana, mano ndi ziboda, zimaphunzitsa anthu mazana ambiri nthawi imodzi, ntchito imene mlangizi sangaimalize pamwezi. Zimatsekanso pakamwa okayika. N'chifukwa chakenso jaji sayenera kukhala wa m'dera lomwelo. Ma EPA oyandikana angathe kusinthana alangizi patsikuli.

Matenda sadikira mphoto

Pali ngozi ina imene makomiti ena amaiona mopepuka. Chionetsero chimasonkhanitsa ziweto za m'midzi yosiyanasiyana pamalo amodzi, zimamwera m'ndowa imodzi, kenaka zimabalalikanso. Kwa matenda opatsirana, palibe mwayi woposa umenewu.

Chitopa chimatha kukhala m'thupi mwa nkhuku masiku angapo chisanaonekere. Tambala wooneka wathanzi Loweruka akhoza kupatsira anzake onse a pachisakasa, ndipo pakutha pa sabata ziwiri midzi isanu ili kulira. Katemera wa I-2, wodonthezera m'diso, amapangidwa m'dziko momwe muno kulabotale ya ziweto ku Lilongwe, ndipo amafunika kubwerezedwa miyezi itatu kapena inayi iliyonse. Palibe chifukwa choti nkhuku yosatemera iloledwe kulowa pabwalo.

Chigodola cha nkhumba ndiye choopsa koposa, chifukwa chilibe mankhwala ndipo katemera wake m'dziko muno kulibe. Kachilombo kake kamayenda ngakhale pansapato, pamatayala ndi m'nyama. M'maboma ngati Mchinji, momwe matendawa adakhazikika kalekale, nzeru ndi yoti nkhumba ziweruzidwe m'makola mwa eni ake, osazibweretsa pagulu, ndipo jajiyo aponde m'mankhwala asanalowe khola lina. Ku Chikwawa ndi Nsanje, komwe kuli ng'ombe zambiri, matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi abuka kangapo, ndipo njati za kumalo osungira nyama ngati Lengwe zimasunga kachilomboka. Akabuka, boma limatseka misika ya ziweto ndi kuletsa kuyendetsa ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba. Komiti imene yakonza tsiku lake osafunsa a zaziweto ingathe kudzidzimuka makola atamangidwa kale.

Zofunika pano n'zodziwika: chiphaso choyendetsera ziweto, mlangizi wa ziweto pageti amene ali ndi mphamvu yobweza chiweto chodwala ngakhale chili cha mfumu, ndowa ya chiweto chilichonse payokha, mthunzi ndi madzi okwanira. Mwini chiweto naye auzidwe kuti akafika kunyumba achipatule kwa sabata ziwiri kapena zitatu chisanasakanikirane ndi zinzake. Wilibala ya mphoto singabweze khola la nkhuku 30.

Mwini chionetsero ndani?

Mu 2000 boma lidatulutsa ndondomeko yatsopano ya ulangizi yomwe idatsegula khomo kuti mabungwe omwe si aboma, makampani ndi magulu a alimi nawonso azipereka uphungu. Zabwino zake zilipo, koma pa zionetsero zotsatira zake zimaoneka msanga. Poti makhonsolo ndalama zimawavuta, amadalira mabungwewa kuti asonkhe. Bungwe lililonse limabwera ndi alimi a pulojekiti yake, atavala malaya a dzina lake, kudzaonetsa zomwe pulojekitiyo yachita. Mlimi wodziimira payekha, amene alibe womunyamula, amasanduka woonerera. Pulojekiti ikatha, chisakasa chake chimathanso.

Tsikulonso limadyedwa ndi mwambo. Alimi amafika 7 koloko m'mawa, mlendo wolemekezeka amafika dzuwa lili paliwombo, masamba atafota ndipo mbuzi zili wefuwefu. Zolankhula zimatsatana mwa maudindo, ndipo mpikisano, womwe ndi mwini tsiku, umathamangitsidwa kumapeto. Kuweruza kutayamba m'mawa, mlendo n'kudzapeza zotsatira zili kale papepala, palibe amene angachepetsedwe ulemu.

Ku Zambia, chionetsero chachikulu cha ku Lusaka chimayendetsedwa ndi bungwe loima palokha lomwe lili ndi bwalo lakelake, ndipo chimafika pachimake patchuthi cha alimi, Lolemba loyamba la Ogasiti. Aliyense amadziwa tsikulo chaka chisanayambe. Kuno tsiku la chionetsero cha paboma limadikira kuti ndalama zipezeke, ndipo nthawi zina alimi amauzidwa kutatsala sabata ziwiri. Makopaletivi ndi mabungwe a alimi eni ake, monga Nasfam ndi Farmers Union of Malawi, ali ndi mamembala m'maboma ambiri. Mipando ya kutsogolo m'komiti yokonza ndi imene ikuwayenera.

Wogula afike nthawi yake

Chodandaulitsa chachikulu ndi msika. Boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu nyengo yokolola ikamayamba, ndipo mavenda amakhala atamanga kale masikelo awo m'midzi. Pofika Ogasiti, mabanja ambiri amakhala atagulitsa soya, mtedza ndi nyemba zawo kuti alipire ngongole ndi fizi. Chionetsero cha mwezi umenewu chimakomera wogulitsa mbewu yobzala ndi feteleza, chifukwa dzinja layandikira, koma mlimi wofuna wogula chimamupeza nkhokwe ili pululu. Ngati cholinga ndi kukumanitsa mlimi ndi wogula, zionetsero za m'ma EPA zikuyenera kuchitika mu Meyi kapena Juni, katundu akadali m'manja mwa eni ake.

Kale funsoli silinkavuta chifukwa Admarc, yomwe idakhazikitsidwa mu 1971, idali ndi misika pafupifupi dera lililonse. Mphamvu zake zidapita zichepa, ndipo mu 2022 boma lidaimitsa ntchito zake ndi kuchotsa antchito kuti bungweli likonzedwenso. Mlimi wa lero amayenera kudzipezera yekha wogula, ndipo nandolo adaonetsa kuopsa kwa kulima osadziwa msika. Mitengo itakwera mu 2015 ndi 2016, alimi a m'chigawo cha kummwera adakuza minda. Mu Ogasiti 2017 dziko la India, lomwe limagula nandolo wambiri wa kuno, lidachepetsa nandolo wolowa m'dzikomo kufika pa matani 200,000 pachaka, ndipo mitengo kuno idagwa mochititsa chisoni. Mgwirizano woti Malawi azitumizako matani 50,000 pachaka udadzabwera mu 2021. Nandolo amene adatenga chikho mu 2017 adagwa mtengo limodzi ndi wina aliyense.

Choncho chisakasa chofunika kwambiri pabwalo ndi cha ogula: a mafakitale a mafuta ophikira ndi chakudya cha ziweto, a mabutchala, a mahotela, oyang'anira chakudya m'sukulu zogonera konko ndi m'zipatala. Aitanidwe ndi kalata, auzidwe katundu amene alipo ndi kuchuluka kwake. Wogula wamkulu satumiza lole kukatenga matumba asanu, kotero gulu lililonse lilembe pachikwangwani matani amene lingasonkhanitse ndi mwezi umene angapezeke. Wogulayo akhalenso m'gulu la majaji, anene poyera chimene amabwezera katundu. Mphoto ya gulu lopambana ikadzakhala kalata ya mgwirizano wogula matumba 200 pamtengo wodziwika, makalabu adzayamba kulimbirana malo popanda wowalonjeza alawansi.

Zaka zovuta nazo zikufuna kuti mndandanda wa mipikisano uonedwenso. Namondwe wa Freddy adakokolola minda kummwera mu Malichi 2023, ndipo mu Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi kaamba ka ng'amba. M'zaka zotere mabanja amene adapulumuka ndi amene adali ndi chinangwa, mapira, mbatata ya kholowa, dimba lothirira kapena mbuzi zogulitsa. Mbatata yofiira m'kati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, mbewu za makolo zosungidwa bwino ndi ndiwo zofutsa, zomwe kawirikawiri zimakhala m'manja mwa amayi, zimaikidwa kumapeto kwa mndandanda ndi mphoto ya mbale yapulasitiki, pomwe chimanga chimatenga feteleza.

Malamulo a mpikisano, magulu ake ndi tsiku lake zikuyenera kukhomedwa paofesi ya EPA ndi kulengezedwa m'misonkhano ya mafumu mvula isanagwe. Mlimi amasankha mbewu mu Okutobala ndi Novembala. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu, kotero thadzi limene lidzaonetsedwe ndi ana ake mu Juni liyenera kukhala litakweredwa chaka chino chisanathe.